Kuona Maso a Nkhono Nkudekha

Mbiri zambiri zimene tidaphunzira ku sukulu zinali za mafumu, za nkhondo ndi za anthu oyenda maulendo ataliatali. Mwezi uno, aŵerengi athu, tifuna kukamba mbiri ya mtundu wina, mbiri ya ndere. Tikunena ndere zomwe zija zimatiterereza pa mwala tikamaoloka mtsinje, zimene amai amazikankhira pambali ndi chikho asanatunge madzi pa dambo. Kwathu kuno munthu sangaimitse ulendo kuti aziyang'ana ndere. Koma kuli dziko lina kumene mabanja zikwizikwi amadya, amavala ndi kuphunzitsa ana ao chifukwa cha ndere, ndipo pamene ulimi waowo udatsala pang'ono kutha, amene adaupulumutsa ndi mai wina wa ku England amene sadapondeko m'dzikolo ngakhale tsiku limodzi. Dzina lake ndi Kathleen Drew-Baker.

Zomera za ukwati wobisika

Tiyambe tadziŵa kuti ndere nchiyani. Pali ndere za m'madzi ozizira a m'mitsinje ndi m'nyanja zathu, zonga zimene mbuna za m'Nyanja ya Malaŵi zimabudula pa miyala. Pali zina zazing'ono kwambiri zongoyandama, zosaoneka ndi maso. Zimenezi nzochuluka m'nyanja zazikulu za mchere kotero kuti pafupifupi theka la mpweya wabwino umene zomera zonse za pa dziko lapansi zimatulutsa umachokera kwa izo. Palinso zikuluzikulu za m'mbali mwa nyanja za mchere, zobiriŵira, zofiirira ndi zodera, zina zotalika kupambana mtengo wa bulugamu. Zonsezi zilibe mizu yeniyeni, zilibe maluŵa, ndipo sizibala nthanga.

Munthu woyamba kuona bwino kapangidwe ka ndere zazing'ono anali Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa mu mzinda wa Delft ku Holland. M'chaka cha 1674 iye adatunga madzi m'kanyanja kena ka pafupi ndi kwao, naŵayang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu limene adasula yekha, ndipo adaona timaulusi tobiriŵira pamodzi ndi tizilombo tambirimbiri tikusambira. Patapita zaka pafupifupi 80, mu 1753, Carl Linnaeus wa ku Sweden adandandalika zomera zonse zodziŵika pa nthaŵiyo poŵerenga ziwalo za maluŵa ake. Atafika pa ndere, boŵa ndi zina zopanda maluŵa adasoŵa choŵerenga, choncho adaziunjika m'gulu limodzi nalitcha Cryptogamia, ndiye kuti zomera za ukwati wobisika. Dzinali linali kuvomera poyera kuti anthu ophunzira sankadziŵa m'mene zomerazi zimaberekerana. Nkhani yathu yonse yagona pa kusadziŵa kumeneku.

Udzu wa mwai

Ku Japan kuli mtundu wina wa ndere zofiirira za m'nyanja ya mchere umene eni ake amautcha nori. Tsamba lake ndi lopyapyala kupambana pepala, ndipo likauma limada bii. Anthu a kumeneko adayamba kalekale kudya nori: malamulo a dzikolo a chaka cha 701 amaitchula pakati pa zinthu zimene anthu ankatha kupereka ngati msonkho. Amaisinja, naiyanika m'timapepala tamakona anai, ndipo timapepalato ndito amakulungira mpunga kapena kunyenyera mu msuzi. Ku Korea amaitcha gim, ku China amaitcha zicai.

Poyamba anthu ankangokanda nori pa miyala nyanja ikaphwa. M'zaka za m'ma 1600 asodzi a m'gombe la Edo, kumene lero kuli Tokyo, adayamba kuzika nthambi za mitengo ndi nsungwi m'matope a m'madzi osaya, ataona kuti nori imamera yokha pa zinthu zotere. Ankazika cha mu September ndi October pamene madzi ayamba kuzizira, nkumakolola m'nyengo yonse yachisanu. Pofika April tsamba linkafota ndi kuzimirira, ndipo m'miyezi yonse yotentha m'nyanja simunkaoneka nori ngakhale pang'ono. Kenaka kuzizira kukabwerera, nori ija inkaphukanso pa nsungwi.

Tsono taganizani, inu alimi anzathu. Mlimi wa chimanga akakolola amasankha zisononkho zabwino, nazipachika pa utsi kuti zikhale mbeu ya chaka chamaŵa. Mlimi wa nori analibe mbeu yoti asunge. Iye ankafanana ndi munthu wozula boŵa, amene amadziŵa chulu ndi mtengo pamene boŵa amakonda kumera, koma sangathe kumudzala kapena kulonjeza ana ake kuti chaka chino adzadya. Zaka zina nsungwi zinkachita kulemera ndi nori, zaka zina zinkangokhala mbee. Nchifukwa chake alimiwo adaipatsa maina onyogodola, ena nkumaitcha udzu wa mwai, ena udzu wa juga. Kwa zaka pafupifupi 300 mabanja a m'magombe a Japan adakhala akubetcha thukuta lao motero.

Akatswiri a m'dzikolo sadangokhala. Ena ankati timbeu ta nori timamira nkukagona pansi pa nyanja mpaka kutentha kutatha. Ena ankati timasamba ting'onoting'ono timapulumuka penapake pobisika. Koma panalibe amene adatha kuloza ndi chala kuti nori ija ili apa m'mwezi wa July.

Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha mu 1945, Japan linali dziko logonja ndi lanjala. M'zaka zotsatira anamondwe adaomba magombe, madzi a m'malo ambiri adaipa ndi zonyansa zochokera ku mtunda, ndipo zokolola za nori zidatsikiratu. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Ariake, pa chilumba cha Kyushu, anthu ankazika nsungwi ndi kutchera maukonde monga mwa masiku onse, koma nkubwerera chimanjamanja. Choŵaŵa kwambiri chinali chakuti sankadziŵa chimene chalakwika, motero sankadziŵanso chimene angakonze.

Mphunzitsi wochotsedwa ntchito

Kathleen Mary Drew adabadwa pa 6 November 1901 m'tauni ya Leigh ku Lancashire. Anali mwana wanzeru, ndipo adapeza thandizo lokaphunzirira za zomera pa yunivesite ya Manchester, kumene adatsiriza mwapamwamba mu 1922. Adayamba kuphunzitsa pomwepo, m'gawo lomwe lija la zomera za ukwati wobisika. Mu 1925 adapita ku Berkeley, m'dera la California ku America, nakhalako zaka ziŵiri akufufuza ndere zofiirira.

Mu 1928 adakwatiwa ndi Henry Wright Baker, mphunzitsi wa zaumisiri wa mu mzinda womwewo wa Manchester. (Bambo ameneyu ndiye adadzacheka mwaluso, mu 1955 ndi 1956, mpukutu wamkuwa umene udapezeka m'phanga la ku Qumran pafupi ndi Nyanja Yakufa, kuti akatswiri athe kuuŵerenga.) Ukwatiwo udamtayitsa ntchito mai Drew. M'masiku amenewo ku Britain malo ambiri a ntchito anali ndi lamulo lakuti mkazi akakwatiwa atule pansi udindo, ndipo yunivesite yake inkatsata zomwezo. Lamulo lotere lidachotsedwa kwa aphunzitsi a m'sukulu za boma mu 1944 ndi kwa ogwira ntchito za boma mu 1946, koma kwa iye zinali zitachitika kale.

Ambiri akadakhumudwa nkutsekera mabuku m'bokosi. Iye adapitiriza. Adaloledwa kukhalabe pa yunivesitepo ngati wofufuza waulemu chabe, udindo wopanda malipiro a mphunzitsi. Adabereka ana aŵiri naŵalera, uku akulemba za ndere chaka ndi chaka, mpaka mu 1939 adalandira digiri yapamwamba ya udokotala wa sayansi. Manchester si mzinda wa m'mbali mwa nyanja, choncho ankayenda ulendo kupita ku magombe a kumpoto kwa Wales kukatola ndere m'mabotolo.

Ku Wales kumamera mbale wake wa nori, amene akatswiri amamtcha Porphyra umbilicalis. Anthu a kumeneko amaphika ndereyi kwa maola ambiri mpaka itasanduka phala lakuda, naisakaniza ndi ufa wa oats nkuikazinga, ndipo kale inali chakudya cha m'maŵa cha anthu okumba malasha. Nayonso inali ndi khalidwe lomwe lija losoŵetsa mtendere: kuchuluka nyengo ina, kuchepa nyengo ina, popanda wodziŵa kumene ana ake amakulira. Mai Drew sankaganiza za njala ya ku Japan pamene ankaŵerama pa galasi lake. Ankangofuna kudziŵa moyo wa chomera chimenechi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Zimene zinali m'chigoba

Tsamba la ndereyi likakhwima limatulutsa timbeu tosaoneka ndi maso, tonga fumbi la boŵa. Ofufuza angapo anali atayesapo kumeretsa timbeuti m'mbale zagalasi, ndipo onse ankaona chinthu chimodzi: m'malo motuluka tsamba longa la make, munkatuluka kaulusi kowonda kanthambinthambi, kamene sikankapita patali. Zinali zosavuta kuganiza kuti kaulusiko ndi chomera chopunduka chifukwa chokulira m'galasi.

Mai Drew adafunsa funso lina. Bwanji ngati kaulusiko nkabwinobwino, koma kakusoŵa malo ake enieni? Adaika zigoba za nkhono za m'nyanja m'madzi m'mene munali timbeuto, nadikira. Patapita masabata adaona kuti timaulusi tija taboola chigoba nkuloŵa m'kati mwake, ndipo m'menemo tikukula mwamphamvu, kutambalala mpaka chigoba chonse kuchita maŵanga ofiirira.

Apa ndi pamene kuŵerenga kwake kwa zaka zambiri kudamthandiza, pakuti maŵangawo adaŵazindikira. Mu 1892 katswiri wina wa ku Britain, Edward Batters, adapeza ndere yofiirira yokhala m'kati mwa zigoba zakale za pansi pa nyanja, naiyesa mtundu wapaderadera, nkuipatsa dzina lakuti Conchocelis rosea. Kwa zaka 57 dzinali lidakhala m'mabuku, pa tsamba lakelake, kutali ndi Porphyra. Mai Drew adaona kuti chimene chamera m'zigoba zake ndi Conchocelis yemweyo. Zomera ziŵiri za m'mabuku zija zinali chomera chimodzi pa misinkhu iŵiri ya moyo wake.

Ife tonse tidaonapo zotere. Mwana amene sadauzidwe sangavomere kuti mbululu ya mchira yosambira m'chithaphwi ndi chule wa maŵa, kapena kuti mbozi yodya masamba idzauluka ngati gulugufe. Kusiyana kwake nkwakuti mbululu imasintha tikuiona, pamene nori imasinthira pansi pa nyanja, m'kati mwa chigoba cha nkhono yakufa, pa msinkhu wofuna galasi kuti uoneke. M'miyezi yonse yotentha imene alimi a ku Japan ankaiyesa kuti yatha, inali moyo pansi pa mabwato ao omwe.

Mu 1949 mai Drew adalemba zimene adapezazi m'magazini ya sayansi yotchedwa Nature. Nkhani yake inali yaifupi, yosadzaza masamba aŵiri. Ku Britain adaiŵerenga ndi anthu oŵerengeka okonda za ndere, moyo nkumapitirira monga kale.

Nkhani ifika ku Kyushu

Ku yunivesite ya Kyushu kunali katswiri wa ndere dzina lake Sokichi Segawa, amene ankalemberana makalata ndi mai Drew. Iye atamva za zigobazo adazindikira msanga tanthauzo lake kwa alimi a kwao, ndipo adauza anzake ogwira ntchito m'malo ofufuzira za usodzi. Panali ntchito yambiri yotsala. Mai Drew anali ataonetsa ulendo wochoka ku tsamba kukaloŵa m'chigoba. Kunafunika kuonetsanso ulendo wobwerera, wochoka m'chigoba kudzakhala tsamba, ndiponso kupeza chimene chimaudzutsa. Akatswiri a ku Japan, ndi anzao a ku China motsogozedwa ndi C. K. Tseng wa ku Qingdao, adatsiriza mbali imeneyi m'zaka zoyamba za m'ma 1950. Adapeza kuti madzi akayamba kuzizira ndipo masiku akayamba kufupika, timaulusi ta m'chigoba timatulutsa timbeu ta mtundu wachiŵiri, ndipo timeneti ndito timakakamira pa nsungwi kapena pa ukonde nkukula kukhala tsamba lodyedwa lija.

Mu 1953 Fusao Ota, wogwira ntchito pa malo ofufuzira za usodzi a m'chigawo cha Kumamoto, adakhoza kumeretsa nori pa maukonde ndi mbeu yochokera m'zigoba zoleredwa ndi anthu. Mutu umodzi susenza denga: mai wa ku Manchester adaona chobisika, mphunzitsi wa ku Kyushu adanyamula uthenga, ndipo wantchito wa ku Kumamoto adausandutsa luso loti msodzi wamba aligwiritse ntchito. M'zaka zoŵerengeka njirayi idafala m'magombe onse olima nori.

Mpaka lero maziko a ulimiwu ndi omwewo. Kumapeto kwa nyengo yokolola alimi amathira timbeu pa zigoba, nazipachika pa zingwe m'mathanki a madzi a mchere m'nyumba zofoleredwa. M'miyezi yotentha amazisamala monga m'mene ife timasamalira nazale ya fodya kapena ya mitengo, kuyang'anira kuŵala ndi kutentha kwa madzi, ndi kutsuka zigoba zikachita litsiro. Nyengo yozizira ikayandikira amakulunga maukonde pa mikombero ikuluikulu imene imazungulira m'mathankimo kuti timbeu tikakamire pa ulusi, kenaka nkukatchera maukondewo pa nyanja. Patapita mwezi ndi masabata angapo kukolola kumayamba, ndipo ukonde umodzi umametedwa kangapo. M'zaka za m'ma 1960 adaphunziranso kuumitsa maukonde okhala ndi timasamba tating'ono nkuŵasunga m'nyumba zozizira kwambiri, kuti ukonde woyamba ukagwidwa matenda akatenge wina. Mlimi wa nori tsopano ali ndi nkhokwe ya mbeu. Japan, Korea ndi China amapanga timapepala ta nori mabiliyoni ambiri chaka chilichonse, ndipo ndereyi ili m'gulu la zolimidwa za m'nyanja zobweretsa chuma chochuluka koposa.

Sitikunena kuti mavuto adatheratu. M'zaka zaposachedwa madzi a m'nyanja ya Ariake akhala akuchedwa kuzizira, ndipo ndere zina zazing'ono zoyandama zimachuluka nkulanda chakudya cha m'madzi, nori nkutumbuluka. Koma alimi a lero akakumana ndi zotere amadziŵa moyo wa mbeu yao, ndipo amadziŵa poyambira kufunafuna.

Chipilala cha ku Uto

Mai Drew adathandiza kukhazikitsa bungwe la akatswiri a ndere a ku Britain, British Phycological Society, mu 1952, ndipo adasankhidwa kukhala mtsogoleri wake woyamba. Adamwalira pa 14 September 1957 ali ndi zaka 55, ulimi watsopano uja ukungoyamba kumene kubala zipatso. Ku Japan sadafikeko.

Alimi a m'mbali mwa nyanja ya Ariake sadamuiŵale. Adasonkha ndalama, ndipo mu 1963 adaimika chipilala chokhala ndi chithunzi cha nkhope yake m'bwalo la kachisi wa Sumiyoshi mu mzinda wa Uto, pa chitunda choyang'ana ku nyanja. Chaka ndi chaka pa 14 April amasonkhana pamenepo kudzamkumbukira, ndipo amamtcha Mai wa Nyanja. Tisaiŵale kuti pamene ankasonkha ndalamazo panali patangopita zaka 18 chithere nkhondo imene dziko lao ndi dziko la maiyo adali adani oopsa. Anthu osauka a m'gombe adayang'ana chimene mlendoyo adaŵachitira, osati mbendera ya kwao.

Mbiriyi ikutifunsa mafunso ife makolo. Loyamba ndi la ana athu aakazi. Yunivesite ija idaona ngati ikutsata mwambo wabwino pochotsa mkazi wokwatiwa pa ntchito, ndipo padangotsala pang'ono kuti mwambowo ukwirire nzeru zimene zidadzadyetsa midzi yambirimbiri. Ife tilibe lamulo lolembedwa lotero, koma m'nyumba zathu ndalama ya sukulu ikachepa timadziŵa amene amayamba kutsala pakhomo, ndipo mtsikana akakwatiwa kapena akabereka ambiri timaona ngati za maphunziro zatha basi. Mai Drew adalera ana ake aŵiri, ndipo ntchito yake yaikulu adaichita ali pa banja zaka zoposa 20. Banja ndi maphunziro sizidalimbane mwa iye. Chimene chidalimbana naye ndi maganizo a anthu.

Funso lachiŵiri ndi la maphunziro ooneka ngati opanda phindu. Mwana akatiuza kuti akufuna kuphunzira za tizilombo, za dothi kapena za ndere, timafulumira kufunsa kuti kodi zimenezo adzadya. Funsoli nlomveka, pakuti fizi timaipeza movutikira. Komabe munthu akadaima pa gombe la Wales mu 1948 nkuona mai wa zaka 46 akutola zinthu zoterera m'botolo, popanda malipiro, akadapukusa mutu. Palibe akadaganiza kuti botolo limenelo likukhudza mphika wa msodzi wa tsidya lina la dziko lapansi, ndipo mwini wakeyo sankadziŵanso. Matenda a chinangwa chathu, mbozi za m'chimanga ndi kuchepa kwa chambo m'nyanja yathu zikudikira anthu a mtima womwewo, oti adzakhale pansi zaka zambiri akuyang'anitsitsa chinthu chimodzi mpaka chitaulula chinsinsi chake.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Nkhono ukaigwedeza imabwerera m'chigoba, ndipo wopupuluma amachoka akunena kuti ilibe maso. Kwa zaka 57 yankho la alimi a nori linali lolembedwa kale m'buku pansi pa dzina lolakwika, ndipo kwa zaka mazana linali gone pansi pa nyanja yao. Chidasoŵa ndi munthu woti akhulupirire kuti kaulusi konyozeka kaja kali ndi kumene kakupita, nkukapatsa chigoba ndi nthaŵi. Ngati m'nyumba mwanu muli mwana wokonda kufunsa, wochedwa pa njira chifukwa choyang'ana nyerere, musafulumire kumkalipira. Mfunseni chimene waona, ndipo chaka chamaŵa dzina lake likhalepo pa mndandanda wa opita ku sukulu.